Mfundo pa Paipi ya Yunus

Lolemba, 5 Ogasiti. Chipatala cha pa boma, Mangochi.

Adokotala andifunsa zambiri lero: wasanza kangati, thupi layamba liti kutentha, anayamwa komaliza nthawi yanji. Ine kuyang'ana mkazi wanga Nuru, Nuru kuyang'ana ine. Ndiye ndagula kope pageti. Akafunsanso andipeza ndili ndi yankho. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma zomwe ndalemba ndekha ndimaziwerenga.

Ndine Iddi, wosoka maukonde. Kwathu ndi ku Malindi, ndili pa chikamwini kwa Mponda. Wodwala ndi mwana wathu woyamba, Yunus, wa miyezi naini. Anabadwa ndi vuto la madzi m'mutu, mutu umangokula. Ali ndi miyezi itatu anamuika paipi ku Blantyre. Imayambira m'mutu, kudutsa kuseri kwa khutu, pakhosi, pachifuwa, n'kukathira madziwo m'mimba. Yonse ili pansi pa khungu, ukasisita imamveka ngati mtsempha. Takhala nayo bwinobwino mpaka dzulo.

Dzulo ndikuchokera kudoko ndinapeza azimayi atazungulira mkeka. Apongozi amugoneka Yunus chafufumimba pamiyendo pawo, thewera achotsa. Kumatako kwatuluka kanthu koyera, kutalika ngati chala. Ati nyongolotsi. Anali atakakulunga kale pa kachitsotso, akukoka pang'onopang'ono. Ndinasuzumira. Nyongolotsi yanji yosagwedezeka, ikudontha madzi oyera ngati a pampopi? Ndinati, "Amayi, talekani." Sanamve. Ndinabwereza. Kachitatu ndinawagwira mkono.

Ee, ndinagwira mkono wa apongozi. Chikwatirireni sindinakhalepo nawo mkeka umodzi, tikakumana panjira ine ndimapatukira kumbali. Dzulo ndinawagwira mpaka kachitsotso kanagwa.

Madzi amadonthabe. Ine chomwe ndimadziwa n'choti chinthu chikamadontha umatseka. Ndimaopanso kuti paipi ibwerera mkati. Ndinatulutsa twaini m'thumba, n'kupinda nsonga, n'kumanga mfundo yathu ya paukonde ija yosamasuka ngakhale mwera uvute bwanji. Kudontha kunasiya. Mwana amayamwa, amaseka, ndiye tinati kuchipatala tipita kukacha.

Kukucha anali atasanza katatu. Liwombo, pofewa paja pamutu, litakungika ngati ng'oma. Maso akuyang'ana pansi.

Adokotala a kuno ataona twaini anafunsa, "Wamanga ndani?"

"Ine."

Anadula ndi sizasi pamwamba pa mfundo, madzi n'kutuluka mothamanga. "Bambo, paipiyi ndiye khomo lokhalo la madzi. Inu mwatseka khomo usiku wonse."

Ndamva. Kachidutswa kodulidwako ndinakapempha. Anesi anandiyang'ana ngati wamisala, koma anakatsuka ndi sipiliti n'kukaika m'kabotolo. Ndikufuna apongozi akaone kuti si nyongolotsi.

Amuika dilipi. Jakisoni wa m'kanula, dzina lake sefu. Thupi 39. Ati pano sangathe, tipita ku Blantyre.

Lachiwiri, 6 Ogasiti.

Liwombo lafewako. Sanasanze. Mutu ayeza ndi tepi, 49.

Tikudikira ambulansi anafika Che Yasini, achimwene ake aakulu a Nuru, mwini mbumba. Amagulitsa mpunga mumsika. Ndinawapatsa moni, sanayankhe.

"Ndamva kuti mkamwini wakula mwendo. Wafika pogwira amayi."

"Ndinagwira, alamu. Amakoka paipi."

"Ndamvanso kuti amene watsala pang'ono kupha mwana si amayi ayi. Ndi uja wa twaini."

Apa ananena zoona.

"Ku Blantyre munapita naye kale, n'kumuika mphira m'thupi. Ine ndinakana, inu munasaina. Lero thupi lalavula. Chimene thupi lalavula mumabwezeranso? Achotse, mwana abwerere kumudzi, a shehe amuwerengere dua. Zina zoika ayi."

"Dua awerenge, alamu, ifika ndi ku Blantyre komwe. Allah samva zapafupi zokha."

"Osandiphunzitsa chipembedzo. Mwanayu ndi wa mbumba yanga. Inu ndinu tambala. Tambala ntchito yake n'kulira, anapiye ndi a thadzi. Pa nkhani imeneyi mulibe mfundo."

Nuru amangoyang'ana simenti. Adalaivala ataitana ine ndinanyamula chikwama ndi ndowa. Nuru ananyamula mwana, anesi atagwira dilipi. Sanawayang'ane achimwene ake, komanso sanandiyang'ane ine.

Lachitatu, 7 Ogasiti. Blantyre, chipatala chachikulu.

Tinafika dzulo madzulo. Wodi ya ana. Amuna sagona mkati, ndiye ndili pakhonde ndi agadiyani anzanga pa makatoni. Kuno kumazizira, anthuni. Munthu wa kunyanja ndabwera ndi malaya awiri.

Amujambula ekisire ya pamimba ndi sikani ya mutu. Atenga madzi a m'paipi kupita nawo ku labu. Mankhwala awonjezera ena a m'botolo, fulajilo. Thupi 39 m'mawa, 38 madzulo.

Lachinayi, 8 Ogasiti.

Adokotala a mitu ya ana ndi mayi wamfupi, amayenda mofulumira ndi nsapato za mphira. Anajambula mwana papepala n'kutionetsa. Ati nsonga ya paipi yakhala ikukhuza thumbo malo amodzi kwa nthawi yaitali mpaka kuboola, n'kulowa, n'kutsika ndi njira ya chimbudzi. Ati sizichitikachitika, mwa ana zana mwina mmodzi, mwinanso osakwana.

Mmodzi pa zana, n'kukhala wanga. Pa mpikisano wa pawailesi sindinapateko ngakhale sopo.

Ati choopsa si bowo la thumbo, limatsekeka lokha. Choopsa ndi tizilombo ta m'matumbo, timakwera ndi paipi kukafika ku ubongo. Madzi a Yunus apezeka akuda, ndiye kuti takwera kale.

Ndinafunsa za mfundo yanga. Sananamize. "Inamupweteka, bambo. Musadzamangenso. Koma kuletsa kukoka munachita bwino."

Yunus walowa ku fiyeta, kochitira opaleshoni, masana. Zomwe achita ndi izi. Acheka pachifuwa pang'ono, adula paipi pakati. Gawo la kumunsi alisolola kudzera kumatako. Gawo la kumtunda alitulutsira pachifuwa, madzi azigwera m'thumba la pulasitiki lopachika pambali pa bedi. Akhala choncho akulandira mankhwala mpaka madzi ayere. Kenako aona za paipi yatsopano.

Ndinasaina ndekha. Nuru anali atapita kukachapa matewera, ndipo ndikuona ngati anapita dala.

Lachisanu, 9 Ogasiti.

Osayamwa, ati thumbo lipume. Dilipi yokha. Mwana akulira, mabere a Nuru atupa, akufinyira m'kapu n'kutaya. Ndinapita ku Juma pa mzikiti wina kunja kwa mpanda. Sindikumbukira zomwe a shehe ananena.

Loweruka, 10 Ogasiti.

Wakomoka kawiri. Dzanja lamanja kugwedera, maso kutembenuka. Amubaya, wagona. Thupi 40.

Anesi andiuza ndituluke. Sindinatuluke, ndinaima pakhomo.

Lamulungu, 11 Ogasiti.

Sanakomoke. 39.

Lolemba, 12 Ogasiti.

Amulola kuyamwa pang'ono. Anagwira bere ngati wakuba. Nuru waseka koyamba chichokereni kwathu.

Thumba la madzi lili ndi lamulo lake. Likhale pomwe anesi alimangirira, molingana ndi khutu la mwana. Likatsika madzi amatuluka ambiri, likakwera satuluka. Mwana akamanyamulidwa anesi ayambe atseka. Ndauza Nuru, ndauza ndi mayi okolopa omwe. Okolopawo anati, "Ndakhala ndikukolopa muno inu musanamere ndevu." Chabwino, koma ndauza.

Bedi loyandikana ndi lathu pali mayi wa ku Chembe, a Rachael, ndi mwana wawo Simioni wa miyezi inayi. Nayenso mutu waukulu, akudikira paipi yake yoyamba. Tinadziwana ndi kalankhulidwe, anthu a kunyanja sitisowana. Nuru anawafotokozera nkhani yonse, ndiye andipatsa dzina.

"A Mfundo, mwadzuka bwanji? Taonani kampopi ka kubafa kakudontha, simungakatimangire?"

Wodi yonse kuseka. Ndawauza kuti twaini ndikadali naye, ndipo pakamwa pawo pakudonthanso.

Amuna awo anatumiza usipa wouma pa minibasi. Atigawirako. Nyemba ndi kabichi za kuno zinanditopetsa.

Lachitatu, 14 Ogasiti.

Za tsiku ndi tsiku. Kusanache anesi ayeza thupi. Phala. Kukolopa, agadiyani tonse panja. Kenako raundi ya madokotala. Sefu m'kanula, fulajilo katatu. Kanula yavuta padzanja, ayika paphazi.

Ine ntchito yanga ndi liwombo. Ndimasamba m'manja, n'kuika chikhatho mwana ali chete. Likakhala bwino limamira pang'ono ndipo umamva likugunda. Lero lili bwino. Thupi 37 ndi theka. Madzi a m'thumba anali ngati otsukira mpunga, tsopano ayamba kuwala.

Bedi la kukona mwana wamwalira m'mawa. Sanali wa paipi. Azimayi onse anaperekeza mpaka pakhomo n'kubwerera aliyense kwa wake.

Lachisanu, 16 Ogasiti.

Che Yasini anaimba pa foni ya Nuru. Nuru anawafotokozera za opaleshoni, kenako anandipatsira.

"Ndamva kuti adokotala asolola paipi kumatako."

"Ee."

"Ndiye amayi analakwa chiyani? Si zomwezo amachita?"

"Adokotala anayamba adula kumtunda, alamu. Amayi akanakoka ndi za m'mutu zomwe."

"Inu mumadziwa zonse. Yachotsedwa, yachotsedwa. Ina isalowe. Ndibwera ndekha."

Atadula foni ndinafunsa Nuru, "Amake Yunus, inu mukuti bwanji?"

"Ndinene chiyani? Achimwene ndi amene anandilera bambo atamwalira. Munda ndi wawo. Nyumba munamanga ija ili pamalo pawo."

"Sindinafunse za munda."

Anatenga ndowa n'kupita kumpopi.

Sindikumuda. Akaona paipi amaona tsiku lija pamkeka. Inenso ndimaliona. Koma ndimaonanso mutu uja mmene unalili paipi isanalowe.

Lolemba, 19 Ogasiti.

Labu yati madzi ayamba kuyera koma sanafike. Mankhwala apitirire. Mutu 48 ndi theka. Yunus wayambanso kukoka chilichonse, ndiye manja amuveka masokosi kuti asazule paipi. Akuwaluma.

Simioni amulembera fiyeta mawa. Masana ndinapeza a Rachael panja pa wodi atamanga kale katundu m'chitenje. Zoseka zinali zitatha.

"A Mfundo, tandiuzani zoona, ngati anthu a kwathu. Ine ndikaona thumba la mwana wanu ndimaopa. Ndikufuna kuthawa naye. Inu mukanadziwa kuti zidzatere, mukanalola?"

Ine si munthu wa mawu. Ndinangowauza zomwe ndinaona. Paipi isanalowe Yunus samatha kuyang'ana nkhope ya amake, maso amangogwera pansi, kulira kwake ngati kamphaka. Italowa wakhala miyezi sikisi akundikoka ndevu, akuseka atsekwe a kudoko. Miyezi imeneyo akanandipatsa ndani? Paipi inalakwa, ee, ndipo ndakwiya nayo. Koma ukonde ukang'ambika sindisiya nyanja, ndimasoka.

"Nanga ikamutuluka ngati wanu?"

"Osakoka, osamanga. Kuthamanga basi. Inu mwaphunzira ulere, ine ndinalipira."

A Rachael anamasula chitenje chija. Nuru anali pazenera, anamva zonse.

Lachiwiri, 20 Ogasiti.

Simioni watuluka bwino ku fiyeta. Bandeji pamutu ndi pamimba. A Rachael ayimba nyimbo za kutchalitchi kwawo motsitsa tsiku lonse, mpaka Nuru wayamba kuitsatira imodzi.

Lachitatu, 21 Ogasiti.

Madzi ayera. Tizilombo palibe. Alhamdulillah.

Adokotala amfupi aja anati, "Mawa titseka paipi dala. Nthawi zina, osati kawirikawiri, mutu umakhala utaphunzira kuchotsa madzi wokha. Akapirira masiku awiri, tichotsa yotsalayi, apita kwawo opanda paipi. Akalephera, titsegula, ndipo Lolemba tiika yatsopano mbali inayo."

"Ndiye kuti mumanga mfundo?"

Anaseka. "Ee, bambo. Koma yathu imamasuka, ndipo timaiyang'anira."

Ndisaname, ndikufuna apirire. Ndani angafune mphira m'thupi la mwana wake? Alamu akhoze, ine ndichite manyazi, ndilolera.

Lachinayi, 22 Ogasiti.

Atseka m'mawa ndi kotsekera ka pulasitiki.

Che Yasini afika masana, anakwera lole ya nsomba yobwera ku Limbe. Abweretsa mpunga, chambo chowamba, ndi chitenje chochokera kwa apongozi. Anapeza Yunus atakhala pamiyendo pa amake akumenya manja pa bedi. Atamva kuti paipi ndi yotseka nkhope inawala.

"Mwaona? Ndi adokotala omwe atseka. Mwana uyu safuna mphira."

"Akuyesa kaye, alamu."

"Ayese. Ine ndaona kale."

Ndinati, "Tipangane pamaso pa mlongo wanu. Liwombo likakhala lofewa, paipi isalowe, ndipo ine ndidzapepesa pabwalo. Likalimba, ilowa."

"Lidzalimba bwanji mwana akusewera chonchi? Ndavomera."

A Rachael anati, "Ine mboni." Alamu anawayang'ana n'kufunsa Nuru m'Chiyao kuti mayi ameneyu ndi ndani. A Rachael anawayankha m'Chiyao chomwecho kuti ndi mboni.

Madzulo liwombo ladzadza pang'ono. Mwina ndi dzanja langa. Wayamwa bwino. Sanasanze.

Lachisanu, 23 Ogasiti.

Ndilemba zonse mwadongosolo.

M'mawa Yunus sanadzuke nthawi yake. Nuru anamupatsa bere, anayamwa pang'ono n'kusanza mothamanga mpaka pakhoma. Maso ayamba kugwera pansi. Ndinaika chikhatho. Ng'oma ija yabwerera. Anesi anayeza n'kupita kukaitana adokotala.

Che Yasini analowa nthawi yomweyo. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo.

"Wangogona uyu. Ana amagona."

"Alamu, ikani dzanja."

"Ine si dokotala."

"Inenso si dokotala. Tinapangana pa liwombo. Ikani dzanja."

"Kusanza ndi mpunga uja amake anadya dzulo. Auzeni achotse yotsalayo tizipita."

Sindinaganize. Ndinazungulira bedi, n'kuwagwira mkono, n'kuuika pamutu pa mwana. Mkono wachiwiri wa m'banja limenelo. Anafuna kuubweza, ndinapanikiza. Kenako ndinasiya, koma dzanja lawo linakhala pomwepo. Linakhala nthawi ndithu. Ndinaona chala chawo chachikulu chikufufuza pofewa. Panalibe pofewa.

Anachotsa dzanja n'kulipukuta pa mkanjo ngati lanyowa. Ndimaganiza kuti anena kuti chabwino. Sanatero.

"Mverani, Che Iddi. Ine ndinaika kale ana awiri a mbumba imeneyi, sindikufuna wachitatu abwere atachekedwachekedwa. Mukamudula n'kumwalira, musabwere naye kwa Mponda. Mukamuike ku Malindi. Ndi inu nomwe musadzapondenso pakhomo paja."

"Ndamva."

"Mwamva chiyani?"

"Ndamva kuti akafa ndi wanga. Ndiye ali moyo akhalenso wanga."

Anatembenukira kwa Nuru, n'kumuuza m'Chiyao kuti anyamuke, anene kwa anesi kuti mayi wa mwana wakana. Ati achipatala sangadumphe mawu a mayi wa mwana.

Nuru anali atakhala pa bedi akupukuta masanzi pakhosi pa mwana. Sanadzuke. Analankhula motsitsa moti ndinachita kuwerama.

"Achimwene, munanena nokha kuti anapiye ndi a thadzi. Thadzi ndine. Mwanapiye sachoka pano."

Adokotala anafika, anagwira liwombo, anatsegula kotsekera. Madzi anayamba kugwera m'thumba. Anafunsa ngati tagwirizana za Lolemba. Nuru anati, "Bweretsani ndidinde." Anadinda chala iyeyo poyamba, ine n'kusaina pansi pake.

Pomwe timatembenuka alamu anali atapita. Mpunga ndi chambo anasiya.

Pofika madzulo Yunus anatsegula maso n'kufuna bere.

Loweruka, 24 Ogasiti.

Liwombo lofewa. 37. A Rachael atuluka lero ndi Simioni. Atisiyira bulangete, ati a Mfundo asafe ndi chisanu asanamange kampopi kaja. Nuru walira.

Foni sinalire.

Lolemba, 26 Ogasiti.

Osayamwa kuyambira m'bandakucha. Amumeta mbali ya kumanzere. Walowa ku fiyeta m'mawa.

Ndakhala pa benchi. Twaini ndinali naye m'thumba, ndamanga ndi kumasula, kumanga ndi kumasula. Mawu a alamu amabwera. Ndimawerengera njira ya ku Malindi, kuti ndikafika ndikayambira kwa ndani. Kenako ndinadzikalipira. Mwana ali moyo mkatimo, ine ndikukumba manda pa benchi.

Watuluka masana. Akupuma yekha. Yakale yonse achotsa, yatsopano yadutsa kumanzere. Thumba lija palibenso.

Lachiwiri, 27 Ogasiti.

Wayamwa. Sanasanze. 37 ndi theka. Wakodza bwino, chimbudzi chabwino. Ndinayang'ana thewera nthawi yaitali. Nuru anati, "Mukufuna chiyani m'menemo?" Akudziwa chomwe ndikufuna. Nayenso amayang'ana.

Lachinayi, 29 Ogasiti.

Mabala ndi ouma. Mutu 48. Masokosi amuvula m'manja, ndevu zanga zayambanso kuvutika.

Ndinafunsa adokotala ngati zingachitikenso. Ndimafuna anene kuti ayi. Anati zikhoza, ngakhale si kawirikawiri. Ikhozanso kutsekeka, kapena kulowa tizilombo. Mwana akamakula idzafuna kuonedwa. Ati tikaona kusanza, kugona kwambiri, thupi kutentha, liwombo kulimba, pamzere wa paipi kufiira, kapena chilichonse chikutuluka pena paliponse, tithamange.

"Osakoka," anatero.

"Osamanga ndikudziwa kale."

Ndiye nkhondoyi sinathe. Chabwino. Ifenso sitinathe.

Loweruka, 31 Ogasiti.

Foni inalira, nambala ya neba wathu. Anali apongozi. Analankhula ndi Nuru yekha, monga mwa mwambo. Anafunsa kuti mutu wa mwana uli bwanji, ndi ngati chitenje chinafika. Za ine sanafunse. Za alamu sananene.

Lolemba, 2 Sepitembala.

Atitulutsa. Achotsa ulusi. Tibwerenso pakatha mwezi, za pakati tizipita pa boma. Ndikulemba tili pa depoti kudikira minibasi idzadze.

Nuru wandifunsa kuti tikafika pa Mangochi titani, tiwoloke mlatho kupita ku Malindi kapena titsike kwa Mponda. Ati achimwene sanabweze mawu awo.

Ndamuuza kuti mawu awo anali a maliro, ndipo ife sitikubwera ndi maliro. Titsika kwa Mponda. Nyumba ija ndinafolera ndekha, maukonde a anthu ali pakhonde akundidikira. Komanso ine ndikakhala kudoko, Nuru ali kumunda, amene amatsala ndi Yunus ndi apongozi. Ayenera kuiona paipi ndi maso awo, aigwire, adziwe kusiyana kwake ndi nyongolotsi. Ayeneranso kudziwa liwombo lolimba. Pamenepo sindidzawagwira mkono, Nuru adzawagwira.

Pa boma ndikagula nkhuku yopepesera apongozi, chifukwa mkono wawo ndinaugwira pagulu ndipo ndi mayi. Nuru wati ndigule thadzi. Ndati ayi, ndigula tambala, wamkulu, wolira kwambiri, akamumve ndi kumsika wa mpunga komwe. Mkono wa alamu sindipepesa.

Yunus wagona pamsana pa amake, chipewa chaphimba bala. Ndaika chikhatho. Pofewa, pakugunda.

Alamu anati pa nkhani imeneyi ndilibe mfundo. Ndili nayo. Ili m'kabotolo m'thumba la malaya, ndipo ndikupita nayo kwawo.